Zenera la Kumapeto

Ku banki ya ku City Centre kuli mazenera asanu ndi limodzi.
Lathu ndi lakumapeto, pafupi ndi chozimitsira moto.
Pamwamba analembapo kuti kuno kulibe riba,
koma mpando wake umakhala wozizira;
Shakira amuitananso kukathandiza pamzere wa malipiro.

Ndimadikira, girizi wa ku Mchesi ali m'zikhadabo.
Ndimagulitsa matcheni ndi mabuleki a njinga za kabaza,
ine Zuwena, mwana wa malemu Swaleyi Mdoka,
amene anafa osapondamo m'banki.
Ndalama zawo zinkagona m'chitini pansi pa bedi
mpaka chiswe chinadya theka.
"Chiswe chilibe tchimo," anatero akusesa zotsalazo,
"mwini tchimo ndi katapila."

Tsiku londipatsa khadi, lobiriwira ngati tsamba la mpiru,
Shakira anayankhula pang'onopang'ono:
"Sitikukongozani ndalama, mayi.
Tikugulirani katundu, tikugulitsaninso.
Phindu lathu talitchula lero, mawa silikula."
Murabaha, anatero,
akuwerenga pakapepala kobisa pansi pa kompyuta,
poti naye anaphunzira masiku atatu okha ku hotela.

Mlamu wanga Bwanali anaseka mpaka kutsamwa tiyi.
"Ndi chiwongoladzanja chomwecho, changovala chikofiya!"
Ndinamuyankha mwaukali.
Usiku ndinatenga pensulo,
ndinawonkhetsa, ndinafufuta, ndinawonkhetsanso.
Manambala anali pachibale ndithu.
Koma pangano, pangano linali lina,
ndipo mtima wanga unagona pamenepo, chammbali.

Kenako kwacha inagwa usiku umodzi ngati khoma la zidina m'dzinja.
Wa ku Kariakoo anakweza mtengo tisanaswali Subuhi.
Banki inaona phindu lake likusungunuka m'manja,
yosaloledwa kuwonjezera ngakhale tambala.
Makhadi atsopano anaimitsidwa.
Kwa nthawi yoyamba ndinamvera chisoni nyumba ya magalasi.

Ndinachedwa kubweza ndi masiku naini.
Chindapusa, akuti, sichilowa m'thumba mwawo,
chimapita kwa ana amasiye.
Ndinafunsa: nanga anga awiriwa, bambo awo ali kumanda a ku Kawale,
ndiwalipiritse kuti adyetse anzawo?
Funsolo analilemba.
Likudikira masheikh atatu amene amakumana kamodzi pa miyezi itatu,
wina ali ku Mangochi, wina ku Limbe,
wachitatu foni yake ikulira ku Durban.

Koma chimene sindiiwala ndi usiku wa Lachiwiri,
Faruku thupi lili moto,
ine pasitolo ya pafilingi ku Area 36
ndi mkaka, Panado ndi buledi m'manja.
Makina anakana khadi. Kachiwiri. Kachitatu.
Pakona pa sitoloyo pali firiji ya mowa,
ndipo makina sasiyanitsa botolo la mkaka ndi la tchimo,
amangonunkhiza khomo n'kutseka pakamwa.
Kumbuyo kwanga mzere unayamba kutsonya.

Anatulutsa ndalama ndi Yotamu,
wakabaza uja wovala kolona m'khosi,
chipewa cholimba chili m'khwapa.
"Mudzandipatsa mabuleki, mayi. Tsiku lililonse."
Sanandisainitse. Sanatchule phindu.
Sanadziwe n'komwe kuti ngongole yotere
ili ndi dzina lake lokongola m'Chiarabu.

Lero Lachisanu, azana ikuwoloka mtsinje wa Lilongwe
kudutsa pamwamba pa ma minibasi ndi ogulitsa kaunjika.
Khadi lija ndikadali nalo, m'kachikwama, pafupi ndi tasibihi.
Sindinalitaye.
Mwana wophunzira kuyenda samutaya chifukwa wagwa.
Lolemba ndidzapitanso kukakhala pabenchi,
kuyang'ana zenera lakumapeto,
mpaka Shakira abwere akuthamanga, nsapato zikugogoda,
ndi yankho, kapena wopanda.

Mabuleki a Yotamu ndawakulunga kale m'nyuzipepala.
Ndaikamonso tcheni.
Sanapemphe.
Ndikafunse masheikh ngati chimenechonso ndi riba?